Nsalu Yoyera ya Amayi

Achimwene Rigzin,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Delhi ndi alendo anu aja. Ife kuno kumapiri a Zanskar tilipo, balere takolola, chisanu chayandikira.

Zikomo potiyendera. Amayi atamva kuti mukubwera ndi azungu odzaona nyumba ya amonke ya pathanthwe, anatulutsa nsalu yoyera yoveka mlendo m'khosi pomulandira, ija anakusungirani chichokereni. Inu mutalowa munati, "Amayi, avekeni alendowa, ajambule." Anamuveka mzungu wina wachipewa kawiri, poti chithunzi choyamba sichinaoneke bwino. Tiyi wabatala munangolawa, galimoto ikulira panja.

Mutapita Amayi anandifunsa kuti, "Chorol, pachizungu paja mchimwene wako wawauza kuti ndine ndani?" Ndinati mwawauza kuti ndi amayi anu. Komatu chizungu ndimamvako, achimwene. Munati ndi mayi wina wa m'mudzi muno.

Masiku ano Amayi akudwala, sakweranso kwa amonke kukapemphera. Amonke ndiwo akutsika kudzawawerengera mapemphero pamphasa, ndipo mukudziwa chimene amatsikira. Chipale chofewa chikagwa msewu utsekeka. Mukabwera, mubwere nokha. Nsalu ina ndagula, kaya adzakuvekani ndani.

Ndine mlongo wanu,
Chorol