Bowa Wamera pa Chiliza Chanu

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Kapondo tili moyo. Mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mtedza unachita bwino, koma chimanga ndiye mbozi zinatithandiza kukolola.

Ndikuzungulira dala, Amayi, nkhani yeniyeni ikundilemera pakamwa. Paja pa maliro anu ndinalonjeza kuti chiliza chanu ndidzamanga ndine, mwana wanu woyamba. Nkhuni zowotchera njerwa zikusowa masiku ano, ndiye nditamva kuti ku Boma akuphunzitsa kuumba njerwa za bowa ndinathamangirako. Timasakaniza makoko a mtedza ndi mapesi oduladula, kuthiramo mbewu ya bowa, n'kutsendera m'chikombole. Bowayo amayala ulusi woyera umene umagwira zinyalalazo mpaka kukhala njerwa yopepuka ngati buledi. Anatiuza kuti tiziumitsa pamoto kuti bowa afe, komanso kuti ndi za m'nyumba, mosafika mvula. Ine makutu anali kwina. Ndinangoyanika padzuwa n'kukamangira manda anu, uku ndikudzitama kwa amalume kuti simenti ndi yachikale.

Munkati, "Fulumira adadya gaga." Ndadya, Amayi.

Mvula itagwa pulasitala amene ndinamata pamwamba anang'ambika. Ndinaona ndili panjira, pakati pa mitengo, chiliza chonse chili mbee ndi bowa. Ndinalakalaka kukazula, koma kumanda munthu salowa yekha, akanandiyesa mfiti. Kukapempha kwa amfumu ndinaopa, poti akanafunsa chifukwa. Ndinangozisiya choncho mpaka tsiku loika maliro ena, mudzi wonse n'kudzionera wokha. Adzukulu okumba manda anasekera m'manja. Amalume sanaseke. Agamula kuti chiliza chatsopano amange mng'ono wanga Yosefe, ine ndisakhudze ngakhale njerwa imodzi.

Manyazi andigwira, Amayi. Munatilera ndi bowa wa m'nkhalango amene munkagulitsa ku boda, koma wa kumanda munkati satola, ngakhale kumuloza. Lero ine ndakufunditsani yemweyo.

Njerwa zotsala ndinaziumitsa pamoto monga anatiuzira, ndamangira khoma logawa chipinda m'nyumba, ndipo zagwira bwinobwino. Koma sizikunditonthoza.

Amalume sinditsutsana nawo. Tsiku lomangalo ndidzasenza mchenga ndi kutunga madzi pamodzi ndi azimayi, Yosefe akumanga. Ofuna kuseka adzaseke, ine ndidzakhalapo mpaka njerwa yomaliza. Lonjezo ili lokha sindiphonya.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Limbani