Achimwene Anabwera Kuchipatala ndi Bokosi la Ayezi

Aphungu,

Manja akunjenjemera pamene ndikulemba, koma kwa ine si matenda, ndi mkwiyo. Odwala ndi bambo anga. Ali ndi matenda a Parkinson, onjenjemeretsa manja, moti khofi amamwa theka, theka linalo amamwa ndi malaya. Madokotala a ku yunivesite anawalonjeza kuti adzawayesa njira yatsopano, yowaika mu ubongo maselo a mwana wosabadwa. Koma boma linatseka mpopi wa ndalama za kafukufukuyo, ati zingalimbikitse amayi kuchotsa mimba. Chaka chino lati lilola maselo ochokera kwa amayi opita padera okha.

Mwezi watha ndinapita padera ineyo. Inali mimba yanga yoyamba, yomwe ine ndi amuna anga tinaipempherera zaka. Ndili chigonere m'chipatala, analowa achimwene anga a Wendell. Maluwa ayi. M'manja munali bokosi lawo la ayezi, lomwe amasungiramo mowa akapita kowedza.

"Pepa mlongo," anatero. "Koma wawauza anamwino kuti asataye? Pa wailesi ati zoterezi boma likulola. Ayeziyu ndi watsopano."

Ndinati, "Tulukani, ndisanakupindireni m'bokosimo inuyo."

"Usaume mtima iwe. Wako wapita kale, bambo alipo."

Chikondwerero cha Kuthokoza, chomwe mabanja kuno amadyera pamodzi nkhukundembo chaka chilichonse, chayandikira, ndipo banja lonse likadyera kwa makolo. Ndalumbira kuti pamene pali a Wendell sindipondapo. Bambo sakudziwa kanthu, amangofunsa pa foni kuti anandilakwira chiyani. Choipitsitsa n'chakuti kamawu kena mumtima kakumandifunsa ngati ndinawamana moyo. Ndipite?

L.V., Zanesville

Mayi L.V.,

Pepani kwambiri. Mwataya mwana, ndipo aliyense wofuna kulankhula nanu ayambire pamenepo.

Achimwene anuwo digiri ya udokotala anaitengera pa wailesi ya m'galimoto. Akuganiza kuti ubongo ndi injini ya pikapu, yoti mwini wake amabwera ndi sipeya wake kugalaja. Ndafunsa madokotala enieni. Akuti maselo a padera ambiri amakhala atafa kale, kapena ali ndi vuto lomwe linachititsa paderapo. Akutinso mayi saloledwa kusankha wolandira, angakhale bambo ake omubala. Choncho simunawamane kanthu bambo anu. Kamawu kajako kauzeni kakafune ntchito kwina.

Koma mkwiyo wanu musauthere wonse pa a Wendell, ndi wambiri, ukwanira ena. Otsutsa kafukufukuyu chifukwa cha chikhulupiriro ndimawamvetsa, ngakhale timasiyana. Amene sindiwamvetsa ndi akuluakulu a boma ku Washington, omwe chaka cha chisankho chikafika inde amawatentha pakamwa, ayinso amawatentha. Ndiye apeza nzeru ya wamantha: odwala adikire tsoka la amayi. Lamulo lotere likatsika kuchoka m'maofesi limafika pabedi lanu litanyamulidwa ndi mbale wanu. A Wendell ndi chitsiru chochita mantha ndi imfa ya bambo ake. Akuluakulu aja alibe chowiringula chotero.

Chitani izi. Aimbireni a Wendell chikondwerero chisanafike, muwauze kuti mukufuna pepani wa pakamwa. Amuna a kuno akalakwa amangobwera mwakachetechete kudzakufosholerani chipale chofewa pakhomo, n'kumaona ngati mlandu watha. Fosholo silankhula. Anene mawuwo, ndipo atchule kuti amene munataya anali mwana.

Kenako muwakokere kwa dokotala wa bambo, akamve ndi makutu awo. Mukafunse ngati mankhwala a bambo angasinthidwe, ndiponso ngati kuli kafukufuku woyendetsedwa ndi ndalama zosachokera kuboma. Mkwiyo wotsalawo muimbire nawo ofesi ya phungu wanu wa kunyumba ya malamulo. Poti ndi nyengo ya chisankho, mwezi uno amayankha foni mwaulemu wodabwitsa.

Chenjezo langa ndi ili. Kafukufuku ndi kuyesa chabe, si machiritso, ndipo mwina chilolezo chidzabwera mochedwa kwa bambo anu. Nkhani ya kuchipatala musaiulule pa tebulo, ndi katundu woti bambo anu sangamusenze. Koma pitani. Mukakhala kunyumba, a Wendell adya nkhukundembo yawo n'kukhuta, wolangidwa akhala munthu amene sanalakwe. Mpeni wodulira nyamayo chaka chino uwalemera bambo anu, ndipo adzayang'anayang'ana woti awagwire dzanja. Akupezeni.

Aphungu