Chimphepo Akukana Kukhala Pansi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye suli m'malo.

Ntchito idakali yomwe ija yosamalira madala aja. Chiwagwirireni matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja siligwira ndipo pakamwa panapindika. Mawu onse anatha. Akafuna madzi amagogoda supuni pampando, ine n'kuthamanga.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti m'nyumba muno muli galu. Ndi wamkulu, wakuda, akaimirira ndi miyendo yakumbuyo amandifika m'mapewa. Dzina lake lenileni lilime langa limakana, ndiye ndinangomutcha Chimphepo, poti akadutsa pabalaza zonse zimagwa. Si wolusa ayi, vuto lake ndi chisangalalo. Aliyense amamulumphira ngati m'bale wochokera kutali. Anansi amati kale madala akangotchula liwu limodzi, galuyu ankakhala pansi phee. Lero liwulo kulibe.

Mwezi wathawu ndikupita naye panja anandipulumuka n'kugwetsa mayi wina pamasitepe. Mayiyo anabinya dzanja. Woyang'anira nyumba zino anakwera kudzanena kuti galu wosamva sangakhale pamalo pa anthu ambiri. Mwana wamkazi wa madala, amene anandilemba ntchito, anandiimbira foni kuti ndimuphunzitse galuyo kukhala pansi akauzidwa. Anati zikakanika amupereka kwa mnzake wina wa kufamu.

Achimwene, mukundidziwa ine. Kwathuko galu ndinkangomuthamangitsa pakhomo, lero ndasanduka mphunzitsi wake. Mwana wamkazi uja ananditumizira kanema woonetsa kachitidwe kake. Umagwira kanyama kouma, n'kukakweza pamwamba pa mphuno yake, n'kumakapititsa chakumbuyo. Mutu ukakwera akuti matako amatsika okha, pamenepo utchule liwu n'kumupatsa. Pafoni zimaoneka ngati kumwa madzi. Tsiku loyamba Chimphepo anadumpha, pang'onong'ono akanameza ndi zala zanga zomwe. Ndinayesa kumukanikiza m'chiuno, iye n'kuyesa masewera, tonse awiri pansi khu!

Liwu la m'chilankhulo chawo ndikalitchula ankangopendeketsa mutu ngati akundimvera chisoni. Ndinatopa nalo, ndinayamba kumuuza m'chathu chomwechi kuti khala pansi. Madala atamva anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Chibwerereni kuchipatala ndinali ndisanawaonepo akuseka.

Pang'onopang'ono anayamba kumva, koma kukhitchini kokha, pafupi ndi firiji, chitseko chili chotseka. Belu la pakhomo likangolira, maphunziro onse amauluka.

Loweruka lapitali mwana wamkazi uja anabwera ndi woyang'anira kuti adzaone okha. M'mawa galu ndinamumana chakudya kuti kanyamako akafunitsitse. Belu litalira ndinakuwa kuti akhale pansi mpaka mawu kusasa, kanyama kali m'mwamba, koma iye osandiyang'ana n'komwe. Analumphira woyang'anira n'kumusiyira mapazi pamalaya oyera.

Ndiye madala anayesa okha. Anagwiritsa mpando ndi dzanja lamoyo lija, mitsempha ya pakhosi n'kutuluka, akufuna kutchula liwu lawo lija. Tonse tinadikira. Chimene chinatuluka ndi kubuula basi. Galu anasiya zonse, anapita kukatsamiritsa mutu pamiyendo yawo, koma ali chiimire. Woyang'anira anayang'ana pansi, kenako ananena motsitsa kuti n'zomvetsa chisoni ndithu, koma anthu ena akudandaula ndipo iye sangachitire mwina. Mwana wamkazi uja anakalirira kukhitchini. Potuluka anandiuza kuti galimoto ya kufamu ibwera kumapeto kwa mwezi, pokhapokha zitasintha.

Kuyambira tsiku limenelo madala akukana kudya. Ndikayandikiza supuni amatembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku lonse dzanja lawo lili pakhosi pa galu. Anamwino amene amabwera kudzawaona akuti akapitiriza chonchi awagoneka m'chipatala, ndipo ine ndikuona kuti akapita kumeneko sabwerako. Munthu ndimamusambitsa, ndimamuveka, ndimamutembenuza pabedi, koma ichi chokha chimene akuchifuna chandikanika.

Pempho langa ndi limodzi. Inu munkayenda ndi agalu a malemu abambo popanda chingwe, mukangoimba likhweru onse ankaima. Munkatani kuti azikumverani ngakhale pali anthu? Chonde bwerekani foni ya alamu mundijambulire mawu, mufotokoze bwinobwino ngati mukuuza mwana. Musandiuze kuti m'mera mpoyamba, zimenezo ndikuzidziwa kale. Mundiuze chimene ndingachite ndi masiku otsalawa.

Panopa ndikulemba ndili patebulo la kukhitchini. Chimphepo wabwera, wakhala pansi yekha patsogolo panga, osauzidwa, msana uli chilili ngati wa mukanema uja. Akundiyang'ana kudikira kanyama. Ndamupatsa. Womuona palibe, ndine ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamayende kwambiri ndi mwendowo. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, ndiponso kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene sanandionepo. Muzitikumbukira m'mapemphero, ine ndi madalawa.

Tsalani bwino, ndikudikira mawu anu.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi