Soseji Yoyera Sabwatitsa

Gostyń,
3 Epulo 2018

Okondedwa achimwene a Bogdan,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Stavanger kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Jolanta ndi ana. Ife kuno tadzuka, koma za ine musafunse, chifukwa mtima wanga sunatsike chiyambire Lamulungu lija munandiseka pafoni. Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata ngati munthu wachikale. Ndachita dala. Pafoni mumandidula pakamwa, mumati, "Wiesia, iwenso ndiye umakulitsa nkhani," kenako mwati mukuthamangira kuntchito. Pepala simungalidule pakamwa, ndiye muwerenge mpaka pansi.

Tiyambire pa soseji, popeza ndi imene inakuseketsani.

Mukudziwa nokha kuti m'nyumba mwa Amayi soseji yoyera ya Pasaka sagula m'sitolo. Lachinayi ndinawapititsira nyama ya nkhumba ndi matumbo, alamu anu a Zenon anapukusa makina opera nyama mpaka phewa linawawa, Amayi akuthira adyo ndi masamba onunkhira a majeranek ndi dzanja, osayeza, akununkhiza n'kumati, "Onjezera, sitikuphikira odwala." Masoseji anatuluka onenepa bwino, okongola. Tsiku limenelo ndinadziuza kuti mwina a Bogdan akunena zoona, mwina ndi ukalamba chabe zija zofunsa chinthu chimodzi kambirimbiri, zija zoitana a Zenon ndi dzina la malemu Bambo. Ndinapita kwathu mtima uli m'malo.

Lamulungu titabwera ku Misa ya m'mamawa, Amayi anamanga epuloni yawo nati, "Pa soseji wina asandiyandikire." Mawu omwewo a chaka ndi chaka. Ndani angayerekeze? Mukukumbukira mmene anandikhomera ndi supuni yamtengo padzanja ndili mtsikana, nditangokweza moto pang'ono? Inu munali pakhomo, kuseka ngati mmene munasekera Lamulunguli. Lamulo lawo tonse tingalinene ngakhale titadzutsidwa kutulo: "Soseji yoyera sabwatitsa. Madzi azingonjenjemera ngati munthu wogwidwa ndi chisanu. Akabwata, wapha Pasaka." Moto waung'ono, munthu uli chiimire pomwepo, mpaka soseji italimba yokha m'madzi otenthawo.

Ndiye ine ndinapita kukayala patebulo ndi kusenda mazira a m'kadengu kamene ansembe anadalitsa Loweruka. Ndili mkati mosenda ndinangomva kuti fwaa, madzi akusefukira pamoto. Ndinathamanga.

Achimwene, gasi anali atatsegulidwa yense. Poto akubwata, nthunzi ili tolotolo, madzi akuyenderera pachitofu. Amayi anali chiimire pomwepo, foloko ili m'manja, akubaya m'potomo mwachifatse. Atandiona anati, "Wiesia, mbatatesi za chaka chino n'zouma bwanji. Sizikupsa."

Mbatatesi!

Masoseji onse anali ataphulika. Matumbo akuyandama paokha, nyama itamwazika, mafuta ndi kukoma konse zitathera m'madzi. Ndinazimitsa moto, ndinawagwira pamkono, ndinati, "Amayi, kakhaleni pansi, mwatopa ndi Misa." Anapita osatsutsa ngakhale pang'ono. Amayi athu, kuchotsedwa pachitofu chawo tsiku la Pasaka, osanena kanthu! Zimenezo zinandiopsa kuposa za mbatatesi zija.

Mwa tsoka langa, pomwepo azakhali a Kazia analowa ndi keke yawo. Mukuwadziwa alongo awo a Bambo, chimene aona m'mawa, pofika masana Gostyń yense wamva. Anasuzumira m'poto, nagwira pakamwa.

"Yesu Mariya! Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine, azakhali. Ndinaiwala moto."

Inu mukanati chiyani? Ndikanalola kuti mawa lake azimayi a kutchalitchi azikodolana kuti mayi a Stefania mutu wayamba kusokonekera? Ndinawola zidutswa zija n'kuziponya mu supu yathu yowawasa ya żurek, tinakhala patebulo, mlandu n'kuyamba.

"Mzimayi wamkulu, wokwatitsa ana," anatero azakhali, "kuphika soseji ngati nyemba!"

A Zenon, amene anali ataona nkhope yanga n'kuzindikira kuti pali china, anafuna kundipulumutsa. "Komatu ikukoma chonchi, azakhali. Sitivutikanso n'kudula."

"Inu akamwini khalani chete. Inu ngakhale chiguduli mungadye, bola achithire mchere."

Apo m'pamene Amayi anadzutsa mutu. Anayang'ana m'mbale mwawo, anayang'ana ine, maso aja a kale aja atabwerera.

"Wabwatitsa? Wiesia, wabwatitsa soseji yanga? Ndakuphunzitsa kuyambira uli ndi mamina pamphuno! Nyama yabwinobwino, ntchito ya tsiku lathunthu, iwe n'kusandutsa zinyenyeswazi. Mutu wakowo umasungamo chiyani?"

Sankanamizira, achimwene. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndine. Itafika nthawi yogawana dzira lodalitsidwa ndi kufunirana mafuno, Amayi anafunira azakhali moyo wautali, a Zenon anawafunira thanzi ndi ntchito yabwino. Atafika pa ine anandipatsa kachidutswa kanga nati, "Iwe ndikukufunira makutu." Onse anafa nacho chiseko. Ine dzira lija ndinachita kulitsitsa ndi tiyi.

Ndiye inu n'kuimba foni, nkhope ili ngwee pakagalasi, tayi pakhosi. Azakhali analozetsa foni m'mbale kuti muone bwino, ndipo munaseka mpaka kutsokomola. "Wiesia, ngakhale ine ndimadziwa zimenezo, ine wosatha ndi kukazinga dzira komwe!" Kenako nditatenga foni kupita nayo kukhitchini munatsitsa mawu n'kunena kuti, "Wamva mmene akukalipira? Ndiye uziti Amayi akudwala? Amayi ndi chitsulo." Ndikanakhala ndi mapiko, ndikulumbira, ndikanabwera komweko kudzakukhuthulirani supu ija pamutu, tayi yanuyo n'kunyowa.

Zandikwana, achimwene. Ndikunena mosabisa, zandikwana. Inu mumawaona Amayi pakagalasi Lamulungu, atapesa tsitsi, atavala bulauzi yabwino imene ndawasitira ine, akukufunsani ngati mukudya bwino, basi mwakhutira. Masiku ena onsewo amawaona ndani? Za dokotala ndinayamba kunena pa Khirisimasi. Ndikangotchula Amayi amati, "Ukufuna ukanditsekere kunyumba ya nkhalamba," kenako sandilankhula mpaka mawa. Koma inu mukati, "Amayi, valani chikhoti," amavala ngakhale kunja kuli dzuwa loswa mtengo. Mwana wamwamuna! Ine amene ndimawawenga zikhadabo za kumapazi, mawu anga ndi mphepo. Mafuta a nsomba amene mumatumiza aja zikomo kwambiri, akumwa, koma botolo silingawagwire dzanja kupita nawo kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wangawu wayamba kupindika. Sindikupempha kuti musiye ntchito. Ndikupempha kuti mubwere, mukhale nawo pansi, muwauze ndi pakamwa panu kuti tikupita kwa dokotala, chifukwa ndinu nokha amene angakumvereni.

Tsopano imvani zimene azakhali sanaone.

Masana onse atabalalika, a Zenon ataperekeza azakhali, ine ndinali kukwecha poto uja. Amayi analowa, anatenga kansalu, anayamba kupukuta mbale imodzi yomweyo osaileka.

"Wiesia."

"Mayi."

"Pachitofu paja anaima ndani?"

"Ndine, Amayi. Ndanena kale."

"Nanga bwanji epuloni yanga ili mafuta okhaokha, yako ili mbee?"

Ndinapitiriza kukwecha poto. Anaika mbale ija pansi, anakhala pampando wa pawindo, anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Sanalire. Inu mukudziwa kuti ngakhale pamaliro a Bambo sitinaone msozi wawo.

"Ndakunyoza pamaso pa anthu," anatero.

"Palibe kanthu, Amayi."

"Kanthu kalipo. Ndinkaganiza kuti ndikuphika chiyani?"

Sanadikire yankho. Anangondigwira pamkono, dzanja lili zii, n'kunena kuti, "Bogdan usamuuze. Ali kutali, angodandaula pachabe. Lumbira."

Ndinalumbira, achimwene, tsiku la Pasaka lenileni, ndipo lero Lachiwiri ndi ine pano ndikulemba. Ndikaulula Loweruka, ansembe adziwa chochita nane. Chondipweteka n'chakuti dzulo nditapitako anali ataiwala zonse za epuloni zija. Anandilandira pakhomo akuseka, akuti, "Wabwera wobwatitsa soseji." Ndiye chinsinsichi mwini wake wachitaya, chatsala ndi ine ndekha, ndipo n'cholemera.

Lamulungu lomwelo tisanachoke ndinauza a Zenon kuti atseke gasi kuseri kwa chitofu, pamene Amayi sangafikire. Tiyi Amayi akupangira m'ketulo yamagetsi ija imazima yokha. Chakudya ndikuwapititsira ndekha m'mawa ndisanapite kuntchito ndi madzulo ndikaweruka. Sindikudziwa kuti ndikwanitsa mpaka liti.

Mundiperekere moni kwa alamu a Jolanta, ana muwapsompsone m'malo mwanga. A Zenon akuti moni. Azakhali nawonso akuti moni, ati muchenjeze alamu kuti ndikadzabwera kumeneko asadzandilole kukhitchini.

Amayi akupereka moni wambiri. Andiimbira m'mawa uno, akuti chitofu chafa, moto sukuyaka. A Zenon apitako, agwada, agogodagogoda, anena kuti chawakanika, ndipo avomera kutchedwa mwamuna wopanda manja. Nditati tiitane mmisiri, Amayi akana. Akuti, "Mlendo asagwire chitofu changa. Bogdan akabwera adzakonza, iye sichimukanika." Afunsa kuti mubwera liti, ine ndati ndikulemberani.

Ndiye ndalemba. Chitofucho sichiyaka mpaka mutabwera.

Ndine mlongo wanu,
Wiesia