Mlendo wa Loweruka Akutha Zojambula za Bambo Anga

Aphungu,

Ndatopa, ndipo sindikudziwa ngati ndikulemba kuti mundilangize kapena kungoti wina andimvereko. Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu. Ndimagwira ntchito kukhitchini ya pasukulu ina kuno ku Yonkers, ndipo ndimakhala ndi bambo anga, a Wendell Prusak, amene akudwala matenda oiwala. Amayi anatisiya kalekale. Mchimwene wanga Lyle amakhala kutali ku Tampa, thandizo lake ndi la pafoni basi.

Moyo wawo wonse bambo ankagwira ntchito ya timabuku ta makatuni, tija ta ngwazi zovala zigoba, zouluka pamwamba pa nyumba zosanja. Iwo sanali oyamba chithunzi. Wina ankajambula ndi pensulo, iwo n'kudutsamo ndi burashi ndi inki, kuikamo mithunzi, mvula, makwinya a pankhope. Tili ana tinkangowaona msana, atawerama patebulo m'chipinda chapansi, Lachisanu iwo n'kukwera sitima kukapereka ntchito kukampani ya timabukuto ku Manhattan. Mapepala amene kampani inkawabwezera ankangowaunjika m'makatoni pafupi ndi makina ochapira. Palibe ankawawerengera. Lero akuti ndi chuma, anthu akulimbirana.

Chaka chatha kunabwera a Gordon Feeney, dokotala wa mano wopuma pantchito, amene amasonkhanitsa mapepala oterewa, enieniwo ojambulidwa ndi dzanja asanapite kosindikiza. Anati anakula akuwerenga ntchito ya bambo ndipo ankangofuna kuwagwira chanza. Kuyambira pamenepo amabwera Loweruka lililonse atanyamula madonasi.

Ndisanawanenere choipa, ndinene chabwino chawo. Mkati mwa sabata bambo sandidziwa. Amanditcha Irene, dzina la mlongo wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Amakana kusamba, amandifunsa kuti eni nyumba abwera liti. Koma a Gordon akangoyala pepala patebulo, bambo anga amabwerera. Amaloza ndi chala n'kumati, "Wa pensulo uyu manja sankawatha, taona, zala ngati masoseji. Ndinachita kumukonzera ndine." A Gordon amaseka mpaka misozi, n'kufunsa kuti, "Nanga mvula iyi munaigwetsa bwanji, akuluakulu?" Iwo amati, "Ndinawaza inki ndi mswachi wakutha, iwe wozula mano. Usakawauze odwala ako." Tsiku limenelo amadya bwino, amagona bwino. Inenso ndimapezako mpata wokagula zinthu, kapena kungokhala chete m'galimoto kunja kwa sitolo popanda wondiitana.

Vuto ndi loti mlendoyo akamanyamuka, bambo amamupatsa pepala limodzi. Poyamba a Gordon ankakana, bambo n'kupsa mtima, kumenya tebulo amvekere, "Ntchito ndi yanga, ndipatsa amene ndamufuna!" Masiku ano kukana kuja kunachepa. Amangondiyang'ana n'kuti, "Mayi, mwadzionera nokha," kwinaku akulowetsa pepala m'chikwama chawo chachikulu. Katoni imodzi yafika pakati.

Lyle anaona limodzi la mapepalawo likugulitsidwa pa intaneti, mtengo wake wokwana kugula galimoto yakale. Anandiimbira akulalata: "Chemwali, mukutsekulira wakuba chitseko n'kumamuphikiranso khofi? Mawa adadi akafunika kokawasamalira tidzalipira ndi madonasiwo?" Ndinamuuza kuti abwere adzawasambitse kwa sabata imodzi, nkhani ya chitseko tidzakambe pambuyo. Kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni wouma.

A Gordon ndinawafunsa, ndipo sanakane. Anati pepalalo anasinthanitsa kwa mnzawo wina ndi chikuto cha kabuku chimene bambo ankadandaula kuti kampani sinawabwezere, ndipo mnzawoyo ndiye akuligulitsa. N'zoona, chikutocho anabwera nacho chili mu felemu, bambo analira atachiona, ndipo chili pakhoma kuchipinda kwawo. Koma nditafunsa kuti tsopano n'cha ndani, anangoti, "Chikhale pomwepo nthawi yonse imene akuchifuna." Mawu amenewo sanandikhale bwino mumtima.

Loweruka lapitali ndiye ndinatheratu. Pali pepala lina pamene ngwazi ikutsitsa mtsikana pamakwerero a nyumba yoyaka moto. Nkhope ya mtsikanayo bambo anaisintha mwakachetechete, anaikapo ya amayi anga ali achitsikana. Ndi pokhapo pamene ndimawaona amayi ali ndi tsitsi lalitali. Nditabwera kuchokera kusitolo ndinapeza lapita. Ndinawafunsa bambo, iwo anati, "Pepala liti, Irene?"

Ndikamuletsa munthuyu, ndiye kuti ndawalanda bambo tsiku limodzi lokha limene amadzikumbukira. Ndikamusiya, makatoni atha ndikuona. Mphamvu zokangana ndi munthu ndilibenso. Ndichite chiyani?

N.P., Yonkers

Mayi N.P.,

Mwatopa chifukwa mwasenza mlandu umene simukuyenera kuweruza. Lyle akufuna munene kuti a Gordon ndi wakuba, mtima wanu ukufuna munene kuti ndi mngelo. Zisiyeni zimenezo. Munthu angathe kuwakonda bambo anu ndi mtima wonse, n'kumakondanso mapepala awo mopitirira muyeso. Anthu osonkhanitsa zinthu ambiri ali choncho: chinthu chikafika m'manja, zala zimakana kutseguka.

Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu amene sakuzindikira mwana wake sangagawe katundu wake. A Gordon anagwirapo ntchito yosamalira odwala, akudziwa zimenezi kuposa inu. Mawu aja oti "mwadzionera nokha" ndi njira yokutulirani inu mlandu. Musaulandire.

Kucheza ndi kupatsana ndi zinthu ziwiri, ndipo mungathe kusunga china n'kuthetsa china. Sabata ino isanathe, chotsani makatoniwo m'chipinda chapansicho, mukawaike pamalo ouma, okhoma. Pansipo chinyezi nachonso chikuwadya. Loweruka lililonse muzitulutsa mapepala ochepa oti acheze nawo, akamaliza muzibwezera.

Kenako aimbireni a Gordon, mukumane kwina, osati pakhomo bambo akumva. Yambani n'kuwathokoza, chifukwa akuyeneradi kuthokozedwa. Mukatero auzeni mosazungulira kuti palibe pepala lidzatulukenso m'nyumbamo. Bambo akawapatsa, alandire ndi manja awiri, athokoze, akafika pakhomo alisiye m'manja mwanu. Bambo asangalala kuti apereka, ndipo palibe chatayika. Musakangane nawo bambo pa nkhaniyi ngakhale pang'ono. Kupatsa ndi ulemu umene wawatsalira.

Pepala la nkhope ya amayi anu liitanitseni tsiku lomwelo. Musachonderere, musapepese. Ingonenani kuti, "Aja ndi amayi anga, ndikufuna abwerere kunyumba Loweruka." Mufunsenso za ena onse amene anatengedwa, ndi chikuto chili pakhomacho, kuti zidziwike poyera kuti n'za ndani bambo akadali moyo. Zinthu zosiyidwa m'malere ndi zimene zimadzayambanitsa anthu pamaliro.

Lyle mupatseni ntchito, popeza mawu ali nawo ambiri. Mantha ake ndi oona ngakhale kayankhulidwe kake n'koipa. Iyeyo afufuze loya wodziwa nkhani za okalamba, kuti mukhale ndi mphamvu yovomerezeka yoyang'anira katundu wa bambo. Afufuzenso katswiri wodziwa mitengo ya zojambulazi, amene sadziwana ndi a Gordon ndiponso sakufuna kugula yekha. Zonsezi zimatheka pafoni, kumene iye amachita bwino. Akamaliza asungitse tikiti, abwere adzakhale ndi bambo ake, inu mukagone kwa mnzanu masiku angapo.

Ndipo mukadziwa mtengo wake, musachite manyazi kugulitsa pepala limodzi kapena awiri kuti mulembe munthu wodzakuthandizani kuwasambitsa mkati mwa sabata. Bambo anu anapindika msana patebulo lija kuti ana awo asavutike. Inki yomweyo ikakugulirani tulo lero, yagwira ntchito imene iwo ankaifunira.

Chenjezo langa ndi ili. N'kutheka kuti a Gordon adzachita manyazi, adzabweza zonse, n'kupitiriza kubwera, ndipo akatero mwapeza m'bale. N'kuthekanso kuti Loweruka lidzayamba kuwatanganitsa. Zikatero bambo adzakhala pawindo kudikira, inu mtima udzakupwetekani, ndipo mudzafuna kuwanyengerera ndi pepala limodzi lokha kuti abwerere. Musadzayerekeze. Okonda ntchito ya bambo anu alipo ambiri. Kafunseni kusitolo yogulitsa timabukuti, mudzapeza ena amene angasangalale kungokhala nawo pansi n'kumawamvera, manja ali m'thumba. Mlendo amene amafika pokhapokha ngati pali chonyamula, ameneyo sanabwere kudzaona wodwala. Wabwera kumsika.

Aphungu