Timitengo ta M'mkono Mwanga

Kafue Estates
9 Okutobala 1998

Okondedwa amayi,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Chadiza? Nanga bondo lija likukulolani kufika kudimba? Ife kuno tilipo. Bertha ndi Melody akukula, nkhuli yokhayokha.

A Goodwell, mkamwini wanu, akali ku Chirundu. Chiwachotsereni ntchito ku fakitale ya nsalu, amagulitsa salaula, zovala zakale zija, kumeneko ndipo amabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Anzathu oyandikana nawo ambiri anasamuka. Masiku ena ndimafika madzulo osalankhula ndi munthu wamkulu, kungomva sitima ikudutsa.

Mizu munatumiza ija ndinalandira. Sindinamwe. Ndinataya kuseri kwa nyumba monga ndatayira ina yonse. Khalani pansi, amayi, ndikuuzeni chifukwa chake.

Mukukumbukira momwe ndinatayira magazi pobereka Melody. Chaka chomwecho ntchito ya a Goodwell inatha. Kuchipatala anesi anandiuza kuti mimba ina ikabwera msanga indipha, ndipo anati mabungwe akunja abweretsa njira yatsopano yolera: timitengo tisanu ndi kamodzi tonga machesi, toika pansi pa khungu la mkono, zaka zisanu osatenga pakati. Ndinavomera tsiku lomwelo. Kunyumba ndinanama kuti andicheka chithupsa, poti a Goodwell amati zolera ndi za akazi oyendayenda.

Chichokereni tsikulo ndimavala malaya a manja aatali, ngakhale dzuwa la mwezi uno. Kutchalitchi amandiimika kutsogolo nkumandipempherera kuti mimba yanga imasuke, ine ndili ameni, ameni, mkono nditaupanikiza m'nthiti. Ndimadzida.

Koma zimenezo ndikanapirira. Sabata yatha ndinakumana ndi a Ackson a kwathu pa siteshoni ya basi. Anandiuza kuti munapita kwa sing'anga, ndipo anakuuzani kuti mng'ono wanu, amayi aang'ono a Mainess, anandimanga ndi mikanda ija anandiveka m'chiuno nditabwera kudzaonetsa mwana. Anati papita zaka zitatu inu ndi iwo osalonjerana. Anati pachitsime akazi amachotsa ndowa zawo iwo akafika, ana amagenda denga lawo, ndipo chimanga cha chaka chino anakolola okha, akutsokomola.

Ndinalira pamaso pa anyamata oitanira basi, manyazi onse kutha.

Amayi, munthu amene uja anandibereka kumbuyo inu mukudwala. Ndiye anandiphunzitsa kugwira pensulo imene ndikulembera panoyi. Mikanda ija ndikali nayo, ndi mikanda chabe. Wondimanga ndine ndemwe, ndipo sindikunong'oneza bondo, chifukwa ana anga ali ndi mayi wamoyo. Chondiwawa nchakuti ndinakhala chete. Munandilemberapo kudzera mwa achimwene a Zakeyo kuti mfiti mwaipeza, ine osafunsa nkomwe kuti ndani, poopa kuti funso lingandiulule.

A Goodwell ndiwauza akabwera. Kaya andisiya, kaya atani, sindikudziwa, ndipo kuno ndilibe wondigwira dzanja. Ndikuopa kwambiri.

Mwina mwakwiya kuti ndinapempha a Ackson, amene ndawapatsira kalatayi, akuuzeni kuti ndi ya nkhani za akazi, a Zakeyo asaitsegule. Ndinachitira dala. Ndikudziwa kuti pa mtundu wathu wonse kumudziko mkazi wodziwa kuwerenga ndi mmodzi yekha. Ngati mawuwa akulowa m'khutu mwanu, ndiye kuti mwayenda mpaka pakhomo lija, ndipo akutuluka pakamwa pa mng'ono wanu.

Amayi aang'ono, ndinu mwagwira pepalali. Ndakulakwirani koopsa. Ndikhululukireni ngati mungathe.

Amayi, musanyamuke msanga. Mawa mupite nawo kuchitsime, anthu aone.

Mundiperekere moni kwa a Zakeyo ndi alamu. Mulungu akusungeni nonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Winfrida