Zikhadabo pa Chiliza cha Agogo

Loweruka, ku Katondwe. Mtima wanga uli mbee.

Lero tavundukula chiliza cha agogo aamuna. Amalume a ku Lusaka anatiuza kuti tisaphike zambiri, ati ndani angakumbukire ticha wakumudzi. Ndinapsa mtima.

Koma anthu anabwera! Ena pa njinga kuchokera ku Mburuma, ena anachita kuwoloka mtsinje kuchokera ku Zumbo, onse a imvi, ophunzira akale a agogo. Agogo atachoka ku usilikali ankafoletsa ana a sukulu m'mawa uliwonse n'kumayendera zikhadabo, ngakhale ife adzukulu kunyumba.

Pemphero litatha, mayi wina wogulitsa nsomba anakuwa kuti, "Folani! Aticha akuona!" Nkhalamba zonse zinandanda pamandapo, manja patsogolo, zikhadabo zowenga bwino.

Amalume anayang'ana zawo, n'kubisa manja m'matumba.